Mawu a Mng'ono Wanu Adakali M'kalasi

Okondedwa alamu,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko, inu, bambo a kunyumba ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno kudzuka tikudzuka. Utelala ukuyenda mwa apo ndi apo. Masiku ano ndikumasoka kolala chozondoka, makasitomala m'malo mondikalipira n'kumangondiyang'ana mwachisoni. Bola akanamandikalipira.

Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wanu, Kambalame.

Mukukumbuka kuti chaka chatha, mng'ono wanu asanayambe kudwala, kusukulu komwe ankaphunzitsa kunabwera matabuleti, makina aja amati amaganiza okha. Mwana amavala zam'makutu, makinawo n'kumamufunsa masamu, kumva yankho lake, n'kuzindikira okha pomwe akufooka. Eni makinawo anafuna mawu a mphunzitsi weniweni, ndipo aphunzitsi onse analoza mng'ono wanu. Ankabwerako kojambulitsako atasasa mawu, akuseka kuti tsopano aziphunzitsa ngakhale ali chigonere. Ine ndinaseka nawo, osadziwa kuti akulosera.

Mumamudziwa m'bale wanu, sankauza mwana kuti walakwa. Ankati, "Wayandikira, mwana wanga, tiye tibwerezenso limodzi." Makinawo anatengera zonsezo, mpaka kakupuma kaja ankapuma asananene kuti tiye.

Titaika maliro, ndinkaopa kumubwezera mwana kusukulu. Koma tsiku loyamba lomwelo anabwerako maso akuwala, anadya n'kupempha china. Ndinati mumtima, kaya ndi makina kaya ndi chiyani, bola mwana wanga wadya.

Sabata yatha ahedi anandiitanitsa. Mu ofesi mwawo ananditembenuzira kompyuta n'kundionetsa mzere wofiira wotsetsereka. Anati Kambalame, yemwe ankatsogolera kalasi yonse, tsopano akulephera ndi masamu a kalasi ya m'munsi yomwe. Anati makina amutsitsira maphunziro mpaka afika pansi, ndipo zikapitirira chonchi abwereza kalasi. Kenaka anatsokomola n'kuwonjezera nkhani ina. Eni makina akuti mawu a munthu womwalira sangapitirize kuwagwiritsa ntchito popanda chilolezo cha banja. Tiwayankhe sukulu isanatseke: awasiye, kapena aikemo mawu a munthu wina.

Nditafika kunyumba ndinamukhazika mwana pa tebulo lodulira nsalu. Ndinatenga choko changa n'kumamulembera masamu pa chigamba. Alamu, anakhoza onse, ena ndisanamalize n'kulemba komwe. Mtima unandikwera. Ndinamufunsa mokweza chifukwa chomwe akuchititsira manyazi dzina la mayi ake, mphunzitsi wathunthu.

Sanalire. Anangokhala n'kumakulunga tepi yanga pachala. Kenaka anandiuza motsitsa kuti ukakhoza, amayi amangoti wakhoza n'kupita ku funso lina. Koma ukalakwa amakhala nawe, amakufotokozera pang'onopang'ono, ndipo amakutchula kuti mwana wanga. Anati iye amasankha yankho loyandikira, kuti amayi asakhumudwe kwambiri.

Choko chinandigwa m'manja. Ndinatuluka panja ngati ndikukaanula nsalu, pomwe pachingwe panalibe kanthu.

M'mawa mwake ndinakawafotokozera ahedi. Anavula magalasi. Kenaka anati makinawo ndi ochenjeradi, ana ambiri omwe ankatsalira tsopano akuwerenga bwino, koma sangasiyanitse mwana wosadziwa ndi mwana wosowa mayi ake. Maganizo awo ndi akuti mawuwo achotsedwe. Kunena n'kosavuta. Iwo akaweruka amakapeza akazi awo pakhomo.

Ndiye ndithandizeni, alamu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndikati awachotse, ndiye kuti ndamuikira mwanayu maliro kachiwiri, ulendo uno ndi manja anga. Ndikati awasiye, mwana wanzeru chonchi akula akudzigwetsa dala kuti amve wina akumutchula kuti mwana wanga. Konse komwe ndikuyang'ana ndikuona mdima. Ndatopa, ndipo mphamvu zonamizira kulimba zandithera.

Chonde bwerani, ngakhale masiku ochepa okha. Mayi amene wamutsalira ndi inu. Mawu anu amafanana ndi a m'bale wanu, makamaka mukamaseka. Mwina akawamva akuchokera pakamwa pa munthu woti angathe kumukumbatira, adzalola kukhoza. Ine ndayesa kunena kuti wayandikira, koma anandiyang'ana n'kundiuza kuti sindikutchula bwino.

Ndipo musandiyese wolimba woti ndingagamule nkhaniyi ndekha. Lachisanu ana amabwera nawo matabuleti kunyumba. Loweruka lapitali masana, mwana atapita kosewera, ndinatseka chitseko cha shopu n'kuvala zam'makutu zija. Mng'ono wanu anandipatsa moni, n'kundifunsa kuti ziwiri kuphatikiza zitatu ndi zingati. Ine, munthu woyeza nsalu tsiku ndi tsiku, ndinayankha kuti zinayi.

Anati ndayandikira.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse, ndipo muwauze kuti asamakuyankheni mwamwano, mayi sagulidwa pasitolo. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mayendedwe abwino. Ahedi akudikira yankho, ine ndikudikira inu.

Ndine mlamu wanu,
Bambo a Kambalame