Chipilala cha Mponyamoto

Area 18, Lilongwe
21 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene a Lekani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mphepo ya Ogasiti yatimwetsa fumbi. Musadabwe kuti mlongo wanu wosasiyana ndi foni uja lero wagwira cholembera. Ndayesa kangapo kukujambulirani mawu, koma ndikangofika pa nkhani ya amayi ndimafufuta zonse.

Vidiyo ya mwambo ija munaiona, paja munandiyamikira kuti ndinayankhula ngati phungu. Chonde, musandiyamikirenso.

Amalume a Greenwell mukuwadziwa, akafuna chinthu safunsa, amangokuuzani tsiku. Chaka chino anaganiza zoimika chipilala cha kholo lathu Mponyamoto pakhomo pa loji yawo ku Area 10. Ankati makolo a anthu ena ali ndi misewu m'tauni muno, nanga wathu, amene anamanga linga n'kupulumutsa mudzi wonse nthawi ya nkhondo, walakwanji? Ine ndinavomera ndi mtima wonse, mpaka anandiika wapampando wa komiti, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Poti Mponyamoto sanajambulitseko, wosema anangotengera nkhope ya amalume omwewo n'kuwonjezera ndevu ndi mfuti. Nkhope yomweyo tinaisindikizanso pa zitenje za banja lonse.

Amayi, monga wamkulu wa mbumba yathu, ndiwo ankayenera kuvundukula chipilalacho n'kunenapo mawu. Nditawapititsira chitenje chawo ku Old Town ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anachitambasula, anayang'ana nkhope ija nthawi yaitali, kenako n'kuchipindanso bwinobwino.

"Alinesi," anatero, "wonga wa mfuti imeneyi ankagula ndi chiyani?"

Ndinati mwina minyanga.

"Khala pansi."

Achimwene, zimene anandiuza inu simunazimvepo, inenso ndinali ndisanazimve. Akuti mayi amene anabereka agogo awo sanali wa m'mudzimo. Anyamata a Mponyamoto anamugwira kudambo ali ndi mwana wake wamwamuna wa msinkhu woweta mbuzi. Mayiyo Mponyamoto anamusunga kukhala mkazi wake. Mwanayo anamumanga goli m'khosi n'kumupereka kwa amalonda opita kunyanja, posinthana ndi wonga, mayi ake akuona. Dzina la mwanayo linali Lekani. N'chifukwa chake kwathu m'badwo uliwonse sumasowa Lekani, ndipo wa m'badwo uno ndinu.

"Ife tinachokera mwa onse awiri, wogulitsayo ndi wolirayo," anatero amayi. "Sindikuti mumukane, ndi kholo lanu ndithu. Koma ine kukamuombera m'manja, ayi. Mayi uja ngakhale dzina lake lenileni palibe akulidziwa. Ndiye mwala mukuimikira munthu amene dzina lake silinasowepo?"

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Amayi, zimenezo n'zakale, makadi oitanira anthu tagawa kale." Ndikamakumbukira manyazi amandigwira mpaka kuphazi.

Nditawafotokozera amalume anangoseka. "Achemwali amakonda kulira maliro a anthu osawadziwa. Pakanapanda wonga umenewo mudzi ukanatha. Iweyo bwenzi ulipo?" Ndisaname, funso limenelo linandigwira, ndipo mpaka lero sindinalipezere yankho. Ndinadziuza kuti tsikulo likafika amayi afewa, abwera basi.

Sanabwere. Matenti anadzaza, magalimoto mpaka kumsewu, azimayi tonse titamanga nkhope ya amalume m'chiuno, koma mpando wa amayi kutsogolo unali wopanda munthu. Woyendetsa mwambo ataitana dzina lawo, anthu anayamba kutembenuka, amalume akundiyang'ana ndi diso lija. Ndinaimirira. Ndinati amayi sakupeza bwino, koma andituma mawu. Zotsalazo munazimva nokha: kuti amayi akuti lero mtima wawo wakhala pansi, kuti Mponyamoto anali tate wa ana onse. Ndinakoka nsalu imene inaphimba chipilalacho, nthungululu zinamveka, ndipo ine ndinamwetulira pa kamera.

Sindinaganize kuti vidiyo ili ndi miyendo. Mawa lake azimayi a kutchalitchi kwawo anakhamukira kunyumba ndi nthochi kukazonda wodwala, uku akuwayamikira chifukwa cha mawu okoma aja. Amayi anawalandira, anawaphikira tiyi, osatsutsa kanthu. Sanafune kundiyalutsa pamaso pa anthu, ndipo chimenecho ndicho chikundipweteka koposa. Bola akanandikalipira.

Nditapita kukapepesa anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mayi uja anamulanda mwana, anamulanda dzina. Ine ndimati pakamwa pokha ndi panga."

Kuyambira tsiku limenelo sanandikwezerepo mawu. Ndikafika amandipatsa mpando, amafunsa za adzukulu awo, amandiperekeza mpaka pageti ngati mlendo. Macheza athu aja, oseka anthu a mumsika mpaka misozi, anatha. Ndinakapempha amalume kuti tiikeko kachitsulo pansi pa chipilalacho kolembapo dzina la mwana uja ndi za mayi ake. Anati alendo amabwera ku loji kudzapuma, osati kudzakhuza maliro. Ndiye Mponyamoto waima pamenepo ndi mfuti yake, walonda amamupukuta m'mawa uliwonse.

Pempho langa ndi ili, achimwene. Muwaimbire amayi. Musandipepesere, ndi mlandu wanga ndekha. Mungowafunsa za mwini dzina lanu, muwasiye afotokoze mpaka atope, chifukwa ine anandiuza kamodzi ndipo ndinawadula ndi nkhani ya makadi. Mwina pali zina zimene anatsala nazo, ndipo zaka zawo mukuzidziwa.

Bambo a kunyumba akupereka moni, Thoko ndi Clive nawonso akuti moni kwa asuweni awo. Dzulo ndinawauza amayi kuti ndikukulemberani, ndipo ndinafunsa ngati ndiikemo moni wawo monga mwa masiku onse. Anati ayi, adzakupatsani okha, mawu awo sakutumanso munthu. Choncho musafunefune m'munsimu. Chipitireni inu ku Joni, uno ndi uthenga wanga woyamba kukupezani wopanda moni wa amayi.

Ine mlongo wanu,
Alinesi