Msuku wa kuseri kwa manda

Lolemba, 12 Januwale 2009

Fodya wachita bwino chaka chino, feteleza wa makuponi uja. Amuna anga, a Lameki, akuti chigafa chathu chachepa, pakufunika china. Mitengo yake aitenga kuti? Kuchoka pano mpaka kumsewu wa ku Boma ndi minda yokhayokha. Ine nkhuni ndikuphikira zitsononkho. Msana ukuwawa.

Lachitatu, 14 Januwale

A Lameki ati mitengo aipeza. Katchire ka kuseri kwa manda, poti si manda enieni. Agwirizana ndi a Tsoka, mwini ngolo, kuti Loweruka akadule.

Kumeneko n'kumene tinakaika mwana wanga uja, chaka chathachi. Sanathe sabata, dzina analibe. Wotere amakaika amayi okhaokha, popanda maliro, popanda mtanda, amuna sauzidwa malo. Chizindikiro changa ndi msuku wokhota umene tinakumba patsinde pake. Ndikamapita kudimba ndimauyang'ana, basi.

Lachinayi, 15 Januwale

Ndakawauza apongozi, a Modester, poti analipo tsiku lija. Ati zimenezo sitikamba ndi amuna, ndingadzitsekere mimba. Ati adzalankhula okha ndi mwana wawo. Akhala akunena choncho pa nkhani zingati?

Lachisanu, 16 Januwale

Kupalira tsiku lonse. Ndinayamba kuti, "Bambo, kuseri kuja..." Iwo n'kuyankha kuti fodya akaolera m'munda tidya chiyani. Ndatopa ine.

Loweruka, 17 Januwale

Nkhwangwa zamveka kuyambira m'mawa. Apongozi apita kumsonkhano wa Mvano.

Ngolo yabwera katatu.

Lamulungu, 18 Januwale

Sindinapite kutchalitchi. Mvula yamphamvu, madzi ofiira kutsika kuchokera kumanda mpaka m'dimba mwathu. Kale sankatero.

Lachiwiri, 20 Januwale

Chigafa chaima, chachikulu kuposa cha aliyense muno. A Lameki kusangalala, kundiitana kuti ndidzaone. Ndinayendayenda m'menemo kufuna mtengo wokhota, koma yonse inasadzidwa, ikungofanana. Ndinalira pomwepo, kulira kumene anandiletsa chaka chatha. Ndiye ndinawauza zonse, za apongozi zilekeni.

Anakhala pansi, pamatope. Kenaka anati, "Kandionetse."

Tinapita awiri, iwo kutsogolo, chipewa m'manja. Kuja kwangoti mbee. Zitsa zokhazokha, mikwingwirima ya ngolo paliponse, dothi lapamwamba lapita ndi madzi. Ndinaima pa chitsa china, kenaka china. Misuku inalipo yambiri, ine ndinkadziwa kukhota kwake, osati tsinde.

"Ndi pati, amake mwana?"

Sanandiitanepo choncho chiyambire. Ndinakweza dzanja kuti ndiloze, n'kulibweza.