Kachitsotso ka m'diso la kamera ya bambo

Alamu,

Musandidikire pa chakudya chamasana. Ndathamangira ku Esplanade kwa a Haldar okonza makamera, ndatenga diso la kamera ya malemu bambo. Pepani, ndatenganso ambulera yanu, ndi yokhayo yosadontha.

M'mawa uno ndinalitulutsa m'chitini cha mpunga momwe ankalisunga kuopa chinyezi, n'kuliyang'ana pawindo. Layera mbee. Alamu, m'kati mwa diso limeneli munali kachitsotso chakumanzere. Kanalowa ine ndisanabadwe, ndipo chithunzi chilichonse chimene bambo anandijambula chili ndi kadontho kake. Ankakana kukachotsa, amvekere ndi siginecha yawo. Lero mulibe.

Fumbi silituluka lokha m'galasi lomanga ndi tisikuluwu. Kasikuluwu kamodzi kakandika, ndipo kasikuludiraiva kanu kokonzera magalasi a m'maso ndakapeza kukhitchini, pafupi ndi chitinicho. Sinditchula munthu. Achemwali akuti sakudziwa kanthu, koma poyankha amayang'ana m'poto.

A Haldar akandiuza ngati diso ndi lomwelo. Ngati munagulitsa la bambo n'kuikapo lina, ingotchulani sitolo, ndikalilondola. Nthawi ndili nayo, paja ku koleji ndinasiya, inu nomwe mumandikumbutsa tsiku lililonse. Koma ngati munangolitsegula n'kulipukuta kuti mundisangalatse, musandiuze lero. Chitsotso chimenecho ndilibe kokachilondola.

Mpunga wa m'chitinimo musaphike. Ndidzausankha ndekha ndikabwera, mwina kachitsotso kaja kagwera momwemo.

Tuhin