Seva Inadzuka Mvula Isanagwe

Lachitatu, Novembala, Katete. Kunatentha koopsa mpaka masana, ndipo mtima wanga sunakhazikikebe.

Seva, kompyuta yaikulu ya ku ofesi kwathu, imayankha mameseji a alimi ofunsa za mbewu. Ili ndi maprosesa ambiri, amene ali ngati ubongo wake, koma ena timawagoneka kuti batire isathe, poti magetsi amangothimathima. Pali pulogalamu imene imalosera kuchuluka kwa ntchito ikubwera n'kudzutsa okwanira. Akachepa, seva imatsamwa, alimi osayankhidwa.

M'mawa pulogalamuyo inadzutsa onse. Kumwamba kunali mbee, mameseji ochepa, batire ikutsika. Ndinati yapenga iyi, ndiwazimitse.

A Mwale, anzanga a pantchito, anati, "Dikirani kaye, amayi. Taonani mameseji a ku Vubwi."

Ofunsa anali owerengeka, koma funso linali limodzi: tibzale liti? Chaka chatha mvula yoyamba isanagwe anafunsanso chomwecho, pulogalamu n'kusunga.

Masana mvula inagwadi, ku Vubwi, kuno ku Katete mpaka ku Sinda. Mameseji anachita kukhuthuka, koma aliyense anayankhidwa.

Ndinaimbira atate kumudzi ku Vubwi kuti ndimve ngati yafika.

"Yafika, mwanawe, tibzala mawa. Ndinadziwa dzulo, nyerere zikusamutsa mazira pakhonde. Meseji yanga ya m'mawa simunaione?"

Ndiye kuti nyerere zinauza atate, atate anauza makina, makinawo n'kukonzekera maboma atatu, ine chala chili pabatani lozimitsira. A Mwale akanapita kukamwa tiyi nthawi imene ija...