Mapiritsi Anga a Msana

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Kodi maondo aja akukulolani kuyenda masiku ano, kapena mwangokhazikika pakhonde n'kumalamula adzukulu? Nanga shuga? Ndikudziwa kuti funso limeneli simulikonda, koma dzanja lanu likafika pa chitini cha shuga ndimalidziwa ine. Kuno tikudzuka. Sindinena kuti bwino, koma tikudzuka.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. N'chifukwa choti pa foni mumayamba kulira ine ndisanamalize moni, ndiye nane mawu amandithawa. Valani magalasi muwerenge nokha. Ana asakuwerengereni, muli zachikulu.

Mwana wanu, amene dziko limamuitana ndi dzina la pa wailesi lija koma kwa ine akadali Chimfine wamamina, anatuluka pa belo ndipo ali pakhomo pano. Sakutuluka kunja. Nyimbo zake anasiya kuziika, ndipo chithunzi chake chachikulu chija cha pamphambano anachitsitsa, pangotsala zitsulo. Ine makasitomala anga osoketsa zovala athawa pafupifupi onse. Watsala mayi mmodzi wa madiresi a kwaya, ndipo ameneyo amabwerera miseche, osati diresi.

Anthu a m'mafoni mlandu anagamula kalekale. Ena akuti Chimfine awotchedwe, ena akutukwana mtsikana amene akuti Chimfine anamugwirira uja, mpaka kuika chithunzi cha mwana wake. Tsiku lina tinapeza geti atalilemba mawu oipa ndi penti, ndinakhalira kupala m'mawa wonse. Mawa lake kunabwera atsikana kudzaimba pageti lomwelo kuti Chimfine ndi mngelo. Onsewa, otukwana ndi oimba omwe, palibe amene anali m'nyumba muno tsiku limenelo. Ine ndinalimo.

Uthenga umene munatuma amalume ndinaumva, woti ndiime ndi mlongo wanga poti chibale ndi fupa sichiwola, ndiponso kuti mtsikanayo anachita kutumidwa ndi ansanje. Sindinayankhe chifukwa ndinali ndi manyazi. Pali zimene ndakubisirani, Amayi, ndipo ndinamubisiranso Chimfine.

Tsiku limenelo anajambula kanema wa nyimbo yatsopano, ndiye masana gulu lonse linabwera kuno kudzadya ndi kumwa pabwalo. Ine ndinali m'chipinda changa chosokera, kuseri kwa khitchini, kukonza masiketi a ovina. Mtsikanayo ndi mmodzi mwa ovinawo. Ndi munthu wamkulu, ali ndi mwana wake wamkazi, ndipo ndi wofatsa kusiyana ndi anzake. Amanditi anti. Akabwera kudzayeza amatola tizidutswa ta nsalu pansi kuti akasokere chidole cha mwana wake.

Analowa atagwira tsaya, dzino likumupweteka mpaka misozi. Ndinamumvera chisoni n'kumupatsa mapiritsi anga a msana aja, amene ndimasunga m'chitini cha mabatani. Adokotala pondipatsa anandiuza momveka kuti asakumane ndi mowa, ndiponso kuti ndisagawireko munthu. Fungo la vinyo ndinalimva m'kamwa mwake. Sindinama kuti sindinalimve. Ndinangoti kamodzi sikapha, ngati mmene timagawirana mankhwala a mutu kwathu konse.

Pasanapite nthawi, ine nditagwada ndikubaya mapini m'munsi mwa siketi, maondo ake anangofooka n'kundigwera. Lilime linalemera, maso akungotembenuka, n'kumanditchula kuti amayi. Ndinakuwa kuti wina andithandize, ndipo amene anabwera ndi Chimfine. Iye anagwira miyendo, ine m'khwapa, tinamugoneka pa kabedi ka pawindo. Mutu wake unkangolendewera ngati wa khanda. Chimfine anaseka kuti ana a masiku ano vinyo pang'ono basi agwa. Ine ndinadziwa kuti si vinyo yekha, koma sindinamuwongole.

Mtsikanayo ndinamuvula nsapato, kumufunditsa nsalu, n'kupita kumashopu kukagula mazipi poti zovalazo zimafunika mawa lake. Sindinakhome chitseko. Sindinaitane mnzake kuti akhale naye. Mutu wanga unali pa mazipi.

Pobwera dzuwa linali litapendeka, alendo atapita. Kabedi kanali kopanda munthu, koma nsapato zake zinali pomwepo pansi pa mashini. Chitseko cha Chimfine chinali chotseka, wailesi ikulira m'katimo. Ndinaima m'pasejimo mazipi ali m'manja, mtima ukundiuza kuti gogoda. Sindinagogode. Ndinadziuza kuti nyumba si yanga, kuti chithereni banja langa ndikukhalira chifundo chake, ndiye ndisamalowerere za zitseko za mwamuna wamkulu. Ndinapita kukatereka mpunga.

M'mawa mtsikanayo analowa m'chipinda changa osavala kanthu kumapazi, kudzatenga nsapato. Anandifunsa motsitsa mawu kuti anafika bwanji kuchipinda kwa Chimfine. Ndinati sindikudziwa, ndipo chimenecho chinali choona. Kenako anafunsa ngati ndinaona wina akumupatsa chinthu chachilendo, chifukwa chimene amakumbukira n'kulowa pageti basi, kwinako ndi mdima. Apo ndinatola sizasi n'kuyamba kudula nsalu yosafunika kudula. Ndinamuthirira tiyi, sanamwe.

Zotsatira mukuzidziwa. Anapita kuchipatala, anapeza mankhwala ogonetsa m'magazi ake, ndipo nkhani inatuluka yoti woimba wotchuka amathirira akazi mankhwala m'zakumwa. Apolisi anasanthula chipinda chake, galimoto, khitchini, mpaka m'mathumba a ufa. M'chipinda changa wapolisi wina anatsegula chitini chija, anaona mabatani pamwamba, n'kutsekanso. Ine ndinaima pafupi naye, koma sindinaulule. Ndinaopa kumangidwa, Amayi, palibe chifukwa china. Mwana wanu anagona pa simenti ndi dzina la wothira mankhwala, chikhalirecho mankhwalawo ali pansi pa mabatani anga. Mtsikanayo naye wakhala akuganiza kuti anachita kumutchera. Ndawalakwira onse awiri.

Sabata yatha ndinalephera kupirira, ndinapita kwa loya wa Chimfine. Atamva za mapiritsi anadumpha pampando, anangotsala pang'ono kundinyamula. Anati mlandu watha, ndine mpulumutsi wa banja. Koma nditapitiriza kuti mtsikanayo tinachita kumunyamula, ndipo wogwira miyendo anali Chimfine, anaika cholembera pansi. Anandilangiza kuti kukhoti munthu amayankha zimene wafunsidwa basi, ndinene za mapiritsi n'kukhala pansi. Anandiperekeza mpaka pakhomo mwaulemu kwambiri.

Nditafika kunyumba ndinamuuza Chimfine kukhitchini. Poyamba anandikumbatira n'kulira ngati mwana, osandikalipira n'komwe chifukwa chochedwa kuulula. Nditamuuza kuti za kunyamula zijanso sindidzabisa, anandisiya. Iye akuti mtsikanayo anadzuka yekha, anayenda yekha mpaka pachitseko chake akuseka, ndipo anavomera ndi pakamwa pake. Analumbira pa manda a abambo. Sindinganene kuti akunama, chifukwa kuchipindako kunalibe ine. Mwina anayendadi. Mwina anasekadi.

Koma Amayi, mapiritsi amenewa inu mukuwadziwa. Mukukumbukira tsiku lija munandiimbira nditangomwa, n'kundinyengerera kuti ndibwerere kwa mwamuna wanga uja? Ndinavomera zonse. Ndinati ndibwerera, ndimuphikira, ndipo ndimamukonda kuposa kale, munthu amene ngakhale mbuzi yanga sindingamusungitse. Inu munauza mpingo wonse kuti mapemphero ayankhidwa. Mawa lake sindinakumbukire ngakhale kuti foni inalira. Titamaliza kukangana munaseka mpaka kutsokomola, n'kunena nokha kuti amene munkalankhula naye sanali mwana wanu, anali mapiritsi. Inetu tsiku limenelo ndinali ndisanamwe vinyo.

Ndinamukumbutsa Chimfine nkhani imeneyi, poti nayenso anaseka nawo nthawi imeneyo. Ulendo uno sanaseke. Anandifunsa ngati ndikumuona ngati chilombo. Ndinati ayi, ndimamuona ngati mlongo wanga amene ndinamubereka kumsana, koma zimene ndinaona ine pa kabedi paja iyenso anaziona, ndipo kulemera kwa miyendo ija anakumva m'manja mwake. Anati amene wamuponya m'dzenje ndine, ndi ukatswiri wanga wa udokotala wa m'chitini. Pamenepo sindinatsutse, chifukwa mbali ina akunena zoona.

Dzulo ndinatenga chitini chija, mabatani ndi zonse, n'kupita kwa wapolisi wamkazi amene akufufuza nkhaniyi. Analemba zonse, zomuyeretsa Chimfine ndi zomudetsa zomwe. Anandiuza kuti nanenso mwina ndiyankha mlandu wogawa mankhwala oopsa, ndipo ndinati chabwino. Potuluka ndinakumana ndi mtsikanayo pa benchi la panja, atavala chipewa chophimba nkhope. Wawonda, ntchito inamuthera, ndipo anasamuka kumene ankakhala chifukwa cha miyala ya okonda nyimbo za mwana wanu. Ndinkayembekeza kuti andilavulira. Anangondipatsa moni, anti muli bwanji. Ndinamuuza za mapiritsi pomwepo nditaimirira. Anandiyang'ana n'kufunsa chifukwa chake sindinanene m'mawa uja pamene anandifunsa. 

Musandimve molakwa. Sindikufuna kuti Chimfine amangidwe, ndipo sindikunena kuti ndikudziwa chigamulo. Ndikufuna kuti nkhaniyi imvedwe yonse ndi anthu amene ntchito yawo ndi kumva mbali zonse, osati a pageti ndi a m'mafoni. Akamumasula atamva zonse, ndidzagwada pansi kuthokoza. Koma akamumasula chifukwa ine ndameza theka la zimene ndinaona, ndidzakhala ndamusiyanso mtsikana uja pa kabedi chitseko chosakhoma. Kawiri sindingathe.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mlandu uyamba mwezi wamawa. M'khoti muli benchi kumbuyo kwa woimbidwa mlandu, pamene pamakhala abale ake. Anzake odya naye aja onse anazimiririka, mafoni awo sakupezeka. Amene ndikanakhala pamenepo ndine, koma ine adzandiitana ngati mboni ya boma, ndipo ndidzalowera khomo lina. Bwerani, Amayi, mudzakhale kumbuyo kwa mwana wanu kuti akacheuka apeze nkhope ya kwawo. Amalume akuperekezeni chifukwa cha maondowo. Simukubwerera ine. Mukafuna musadzandipatse n'komwe moni, ndidzamvetsa. Chokhacho, mtsikanayo akamadutsa musadzamunene kanthu, chifukwa amene anamupatsa mankhwala ndi mwana wanu woyamba.

Chimfine sakundilankhula. Mbale yake amatengera kuchipinda, tikakumana m'paseji amayang'ana khoma. Sanandithamangitse, ngakhale zovala zanga ndalongedza kale kuti tsikulo lisadzandidzidzimutse. Majekete ake onse ndi onyezimira, a pa siteji, osayenera kukhoti, ndiye ndikumusokera yakuda yopanda zokongoletsa. Miyeso yakale sikumukwananso, watha thupi. M'mawa uno ndinaima pakhomo pake ndi tepi. Anandiyang'ana, anadzuka, n'kutambasula manja kuti ndimuyeze. Ndinayeza chifuwa ndi mapewa misozi ikugwera pa tepi, iye maso ali kudenga.

Mupereke moni kwa amalume, muwauze kuti sindinanyoze uthenga wawo. Moni kwa azakhali, kwa mng'ono wanga ndi alamu, ndi kwa ana onse. Akafunsa za amalume awo a pa wailesi, muwauze kuti akudwala pang'ono. Kwa amayi aang'ono musanene zambiri, mukudziwa nokha kuti pakamwa pawo palibe chitseko.

Mukamapemphera pasatsale ndi mmodzi yemwe, Amayi. Mutchule Chimfine, mutchule mtsikanayo ndi mwana wake. Ine munditchule pomaliza, ngati mtima wanu ungalole.

Ndine mwana wanu woyamba,
Telala wanu