Manzi a pa geti

LACHIWIRI

Cynthia 14:12
natuluka mu op. ba sisi Mainess baniperekeza, magalasi banisungira mu bag yao. koma iwe Belinda, za kununkha sunaniuze? monga tsitsi likupsa

Belinda 14:15
kkkk nikanakuuza sukanapita. ni laser chabe, naine vinanunkha last yr. manje gona, maso azabaya monga muli mchenga

Belinda 14:16
madrops osaiwala. osatikita. manzi asafike kumaso week yonse

Cynthia 14:21
doc wanena mpaka matu kuwawa. ati manzi a dothi akalowa ningafe maso. apa niona monga nili mu utsi wa mbaula

Belinda 14:23
vizatha. malaiti azavala mphete, vinthu vizaoneka viwiriviwiri. ni normal

Cynthia 14:30
ba sisi bati mailo bazabwela kuno ku George komboni nibaone popanda magalasi a mabotolo aja kumaso. ati nkhope yoyamba kuona bwino ikhale yao kkk

LACHITATU

Belinda 09:03
wauka bwanji telala wathu? nsingano uiona?

Belinda 11:40
Cynthia?

Belinda 12:55
mlongo wako Given wanitumila. mayo ine. bus ija yagubuduka ba Mainess benzemo??

Cynthia 13:34
benze kubwela kwa ine

Belinda 13:35
nibwela manje manje

LACHISANU

Belinda 10:08
ba madam bakana kunipatsa off, mtima uniwawa. kumanda vala mashades, fumbi ni yoipa

Cynthia 15:47
🎤 uthenga wa mawu 0:51
"Taika. Box sanatsegule, ati nkhope inaonongeka. Sininabaone, Belinda. Pobwela, pa geti panali dish ya manzi a masamba, aliyense kusamba kumaso. Anthu onse aja dish imodzi, manzi kuchita kufiira na dothi ya kumanda. Ine nasamba m'manja chabe. Ba aunt Nsofwa baniona, banikalipila pakati pa anthu, ati wosasamba kumaso amalowa naye wakufa m'nyumba."

Belinda 15:52
wachita bwino mwandi. ba aunt sibazakupatsa maso ena

LOWERUKA

Cynthia 10:19
viwiriviwiri vija vayamba

Belinda 10:26
sininakuuze? vizasila vokha

Cynthia 10:27
cup ili na inzake. chitseko chili na chinzake. koma pambali pa machine yosokela pali chimodzi chilibe mwini wake

Belinda 10:28
chani?

Cynthia 10:28
monga munthu waimilila

Belinda 10:31
ni misozi na madrops iwe, walila maningi. tseka diso limodzi uone

Cynthia 10:33
natseka. cup yakhala imodzi

Cynthia 10:33
icho chilipo

Belinda 10:35
thila madrops ugone pls. pa review ukamuuze doc

LOLEMBA

Cynthia 12:02
nachoka ku review. ati maso apola bwino, nawelenga mpaka tumalemba twa pansi. nafika nalowetsa ulusi pa nsingano kamodzi chabe

Belinda 12:04
waona! Mulungu ni wabwino. za chija wamuuza?

Cynthia 12:09
namuuza. wayang'ana na tochi yake, ati mulibe kanthu, nipumule chabe

Cynthia 12:10
utsi watha Belinda. vonse vakhala chimodzichimodzi. nabo baoneka bwino manje

Belinda 12:10
bandani

Cynthia 12:11
ba sisi. bavala chitenge chao cha green chija. bagwila bag

Belinda 12:12
osaseka na ine. uli weka? Given ali kuti?

Cynthia 12:15
ku piecework. ba aunt bapita apa, basiya manzi otsala a pa geti mu botolo ya cooking oil. anunkha. bati nisambe kumaso dzuwa lisanalowe, apo ayi ba sisi sibazachoka

Belinda 12:16
manzi a pa Friday?? osayesa. ufuna kukhala wakhungu? uzasoka na chani?

Cynthia 12:17
niziwa

Belinda 13:30
wadya?

Cynthia 15:58
batsegula bag

Cynthia 15:59
magalasi anga. galasi la kumanzele lasweka. banitambasulila

Belinda 16:01
Cynthia, Given ananiuza kuti bag ija siinapezeke pa accident

Belinda 16:02
📞 foni siinayankhidwe

Belinda 16:04
ok mvela. nachita mantha. wilitsa manzi ayo, uwasefe pa nsalu, utseke maso kwambili, usambe. doc tizakamba naye mailo

Belinda 16:09
wamva? samba chabe

Cynthia 16:21
nawataya mu drain

Belinda 16:21
iwe chifukwa chani

Cynthia 16:24
box sanatsegule Belinda. apa nkhope ili bwinobwino, ilibe na chilonda chomwe. niona mpaka imvi zija benze kubisa mu duku

Cynthia 16:25
banakamba kuti yoyamba ni yao. nibapitikitse bwanji

Belinda 16:25
osalandila magalasi ayo. tuluka ukakhale pa kiosk ya manzi pali anthu

Belinda 16:26
📞 foni siinayankhidwe

Belinda 16:40
nakwela bus, nili pa Lilanda. yankha pls

Belinda 16:58
nili pa chitseko. nimva machine isoka

Belinda 16:59
Cynthia, nikuona pa window wakhala pa bed. asoka ni ndani