Chala Chinaloza, Maso Sanayang'ane

Lolemba, 10 Malichi

Tsiku lachitatu osamwa mapiritsi a maganizo aja. Dokotala Onodera anati tizichepetsa pang'onopang'ono, miyezi itatu. Miyezi itatu! Ndandanda ya madalaivala ikutuluka pa 1 Epulo, ndipo dokotala wa kampani wanenetsa kuti sindibwerera pachiwongolero ndikadali pamankhwala amenewa, akuti amagonetsa. Dzina langa likasowapo, njira yanga ya ku Shizukuishi ipita kwa wina, ine chaka chinanso ndikutsuka mabasi padepoti. Munthu woti ndayendetsa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndiye ndangosiyiratu. Mapiritsi ali m'bokosi la nsapato. Fumie sakudziwa. Mkazi wanga ameneyu atadziwa akhoza kundikokera kuchipatala ndi khutu.

Lachinayi, 13 Malichi

Nseru kuyambira m'mawa. Thukuta kamukamu, pamene kunja chipale chofewa sichinasungunuke n'komwe. Chatsopano n'chakuti ndikatembenuzira maso kumbali, m'mutu mumathetheka ngati mawaya a magetsi akhudzana. Kamphindi chabe, koma dziko limachita ngati ladumpha.

Ndatsuka mabasi asanu ndi imodzi. Manja ouma ndi madzi ozizira. Chida, mnzanga tinayambira limodzi ntchito, kundiwona anati, “A Oikawa, nkhope imeneyo mwaibwereka kumaliro a ndani?” Ndinaseka nawo. Kuseka nakonso kukutopetsa.

Lolemba, 17 Malichi

Ndakalipira Fumie chifukwa cha supu ya miso. Ndati mchere wachuluka. Supu yomweyo ndamwa zaka zonsezi. Iye anangondiyang'ana, kenako, “Bambo a Mio, mankhwala mwamwa?” Ndinati ndamwa. Bodza linatuluka losalala, mpaka ndinadziwopa.

Masana ndalira m'basi yopanda anthu, chokolopera chili m'manja. Pawailesi ankanena za nyengo. Za nyengo, abale! Sindikudziwa ngati ndi matenda a chaka chatha abwereranso kapena ndi thupi likufuna mapiritsi ake. Wondiuza ndi Dokotala Onodera yekha, ndipo ndi amene sindingamufunse.

Lachisanu, 21 Malichi

Kwa dokotala wa kampani. Pafomu, pamene pakuti mankhwala amene mukumwa, ndalemba kuti palibe. Apo sindinaname. Tulo? Ndikugona bwino. Chizungulire? Ayi. Apo ndiye ndanama kawiri. Wadinda chidindo. Kwatsala kundiyesa pamsewu Lachitatu, ndi Bambo Sawaguchi, mkulu wa madalaivala.

Ndinakhala pampando wa basi yoimikidwa n'kuyeserera. Lamulo lathu pamphambano iliyonse: uloze ndi chala, uyang'ane kumene walozako, unene mokweza. Kumanzere kuli bwino. Kumanja kuli bwino. Kutsogolo kuli bwino. Ndazichita moyo wanga wonse osaganizira. Lero kuyang'ana kulikonse, kuthetheka. Mphambano za njira yanga zilipo makumi anayi ndi kanthu. Ndatopa ndisanayambe.

Lachitatu, 26 Malichi

Ndakhoza. Bambo Sawaguchi anati, “Manja akale saiwala, a Oikawa. Achinyamatawa abwere adzawonere kwa inu kuloza.”

Ndilembe zoona, pepalali silikaneneza kwa munthu. Titadutsa mphambano khumi, mutu unali utakana. Ndiye ndinapeza nzeru: chala chiziloza, pakamwa pazinena, maso akhale kutsogolo osasuntha. Iwo anakhala kumbuyo kwanga, ankawona chala chokha. Pamphambano ya pafupi ndi positi ofesi ndinaloza kumanja n'kunena kuti kuli bwino. Kunali mayi wokalamba akukankha ngolo yake yogulira zinthu, phazi limodzi lili kale mumsewu. Ndinamuwona pagalasi titadutsa kale. Anali ataima, ngolo waikokera pachifuwa, ndipo anaweramira basi ngati wolakwa ndi iyeyo. Bambo Sawaguchi anali akulemba papepala lawo.

Lamlungu, 30 Malichi

Fumie waphika mpunga wa nyemba zofiira, wa chikondwerero. Yunifolomu waisita. Wagula magolovesi oyera atsopano, mapeyala atatu. Mio waimba foni kuchokera ku Sendai, “Adadi, mwabwerera! Ndinkadziwa ine.” Ndadya pang'ono kuti asadandaule, kenako kukasanza mwakachetechete, madzi a pampopi ndatsegula.

Kuthetheka sikunachepe. Ndimawerenga kuti kwa ena kumatha sabata ziwiri, kwa ena miyezi. Ine sabata yachitatu yatha. Ndikatseka maso, mayi uja akuwerama.

Lachiwiri, 1 Epulo

Dzina langa linalipo pandandanda. Oikawa, Shizukuishi, 6:40. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali.

Kenako pamzere wa m'mawa, kutsogolo kwa kauntala. Kuuzira m'kamakina koyeza mowa, kuwonetsa laisensi, ndiye funso la tsiku ndi tsiku: thupi lili bwanji? Aliyense amayankha kuti palibe vuto, ngakhale akutsokomola kuti chifuwa ching'ambike. Sindinamvepo yankho lina. Chida anati palibe vuto. Wotsatira, palibe vuto. Bambo Sawaguchi anali atanditambasulira kale makiyi.

Ndinati sindili bwino. Ndinanena za mapiritsi, za fomu, za mayi wa ngolo uja, anthu asanu ndi atatu akumva. Palibe anandiyang'ana. Bambo Sawaguchi anabweza dzanja pang'onopang'ono, makiyi n'kuwapachika pamsomali. “Ndamva, a Oikawa. Pitani kwa dokotala wanu.” Njira yapita kwa wina, mwina ndi ntchito yomwe. Andiuza Lachisanu.

Ndinaimbira Fumie ndili pageti. Ndinayembekezera kukalipiridwa. Anati, “Mapiritsi a m'bokosi la nsapato lija ndimawawerenga tsiku lililonse. Mukanakwera basi imeneyo lero, ndikanaimbira ndine kudepoti. Nambala ndinalemba kale padzanja.”

Pano ndili pabenchi kwa Dokotala Onodera, ndi yunifolomu yosita. Fumie ali pambali panga, bokosi lili pamiyendo pake, sakundiyankhula. Manyazi alipo, koma kutopa kwaposa. Ndikufuna kugona sabata yathunthu. Sindikudziwa kuti ndiyambire pati kufotokoza, mwina pa tsiku limene

Andiitana.